Musanalize injini ya kagalimoto kakale ka rimoti

Ngati mwapeza kagalimoto kakale ka rimoti kokhala ndi injini ya nitro, monga ka Kyosho kapena Traxxas, chonde musathiremo petulo, chifukwa injini zimenezi zimayendera mafuta akeake osakaniza methanol, nitromethane ndi oyilo, yemwe nthawi zambiri amakhala ndi mafuta a nsatsi. Injini ikakhalitsa osalira, mafuta a nsatsi otsalira m'kati amauma n'kumata ngati ulimbo, ndipo kuikakamiza ndi sipanala n'kuiwononga. Masulani glow plug (kapulagi ka pamwamba pa injini koyatsira mafuta), mudonthezeremo mafuta atsopano, igone choncho usiku wonse, kenako muipukuse pang'onopang'ono ndi dzanja. Timapaipi ta mafuta touma tisinthidwe. Ndi fumbi la kuno ku Kasungu m'mwezi wa Okutobala, sefa ya mpweya muitsuke ndi kuipaka oyilo musanayese n'komwe kuliza, pakuti kamchenga kochepa kamakanda pisitoni, yomwe kuipeza kuno n'kovuta.