Kaphikidwe ka luohan zhai, ndiwo za phwando lopanda nyama ku China

Pa tsiku loyamba la Chaka Chatsopano cha ku China, mabanja ambiri, makamaka ku Guangdong ndi Hong Kong kum'mwera kwa dzikolo, sadya nyama. Patebulo pamabwera luohan zhai. Dzinali likuchokera kwa a luohan 18, oyera mtima a chipembedzo cha Chibuda, n'chifukwa chake ophika ena amalimbikira kuti zosakaniza zikwane 18. Kunyumba 8 n'zokwanira.

Ophika a Chibuda saikamo adyo kapena anyezi, poti amati zimadzutsa chilakolako ndi mkwiyo. Kukoma konse kumachokera ku bowa wouma wa shiitake, ndipo apa mpofunika kudekha. Pophikira anthu 10, viikani bowa 12 m'makapu atatu a madzi ozizira kwa maola 4, kapena usiku wonse m'firiji. Akafewa mufinyeni n'kudula mapesi. Madzi oderawo musataye, ndiwo msuzi wanu. Asefeni pansalu chifukwa pansi pamatsalira mchenga.

Bowa wakuda wonga khutu, wotchedwa mu'er, magalamu 15, aviikidwe payekha kwa ola limodzi basi. Akagonera m'madzi pamalo otentha angathe kubala poizoni amene satha ngakhale muwiritse bwanji. Fuzhu, kakhungu kouma ka pamwamba pa mkaka wa soya, magalamu 100, amafuna madzi ozizira kwa maola atatu. Mukapupuluma ndi madzi owira, kunja kumasanduka phala m'kati mukadali gwa.

Tenthetsani masupuni atatu a mafuta, kazingani tizidutswa 5 ta jinja, kenako shiitake kwa mphindi zitatu mpaka fungo lidzaze khitchini. Chepetsani moto, phwanyiranimo timibulu tiwiri ta nam yu, tofu wofiira wosasitsa amene a ku Guangdong amakonda (tofu ndi mkaka wa soya woundanitsa). Sachedwa kupserera, ndipo akapserera mphika wonse umawawa. Ikanimo kaloti mmodzi, fuzhu, mu'er ndi tofu wokazinga, thirani makapu awiri a madzi a bowa aja, masupuni awiri a sosi wa soya ndi kasupuni ka shuga. Vundikirani kwa mphindi 15.

Kabichi wa ku China wotchedwa napa, theka la kilogalamu, alowe pambuyo pake kwa mphindi 5. Chomalizira ndi fensi, tizingwe toonekera topangidwa ndi mphodza, magalamu 100, toviikidwa kale kwa mphindi 10. Timamwa msuzi kwambiri, choncho tikalowa msanga mphika umauma n'kuyamba kugwira pansi. Mphindi zitatu zakwana. Mukafuna kuthiramo sosi wa oyster, samalani: amapangidwa ndi nkhono za m'nyanja, zomwe ndi nyama, ndiye gulani wopangidwa ndi bowa.

Paphwando ndiwozi zimabwera zakudya zozizira zoyambira zikatha, m'mbale imodzi yaikulu pakati pa tebulo lozungulira. Mbale zonse za zakudya patebulopo zikhale 8, nambala ya mwayi. Musaike 4, chifukwa m'Chitchaina liwulo limamveka ngati "imfa".