Momwe mungadziwire ngati chida chodulira kanema chafotokozedwa bwino kwa AI

Inu amene mumajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya mwina mwamva kale zoti AI ikhoza kukudulirani kanema mutangoiuza ndi mawu. Ndi zoona. Koma AI agent, yomwe ndi pulogalamu imene mumaituma ntchito n'kumasankha yokha chida chogwirira, siona mabatani amene inu mumaona pa sikirini. Imangowerenga zinthu zitatu: dzina la chida, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe chidacho chimafuna kupatsidwa. Mu Model Context Protocol kapena kuti MCP, njira yolumikizira AI ndi zida zotere yomwe kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, zitatuzi zimatchedwa name, description ndi inputSchema. Zikalembedwa mwachidodo, AI imangolota, ndipo wolira ndinu.

Yambani ndi kuona zomwe AI ikuona. Tsamba lotsatsa malonda lisakupusitseni. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa MCP Inspector: mukailumikiza ku seva ya chidacho, yomwe ndi pulogalamu yopereka zidazo kwa AI, imakuonetsani zida zonse ndi mawu ake enieni. Koperani mawuwo muwaike penapake, chifukwa ndi amene tikuwazenga mlandu.

Kenako onani dzina. Chida chotchedwa trim_video chanena kale ntchito yake, pomwe process_video sichinanene kanthu. Ngati pali zida ziwiri zofanana, china chodula kumapeto china chogawa kanema pakati, mawu ake anene nthawi yogwiritsa ntchito chilichonse.

Tsopano pa nkhani ya nthawi, apa ndiye pagona nkhani. Tinene kuti chidacho chikufuna "start", ndipo AI yalembapo 90. Kodi 90 ameneyu ndi chiyani? Ngati ndi masekondi, kanema ayambira pa mphindi imodzi ndi theka. Ngati ndi mafuremu, zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema, pa kanema wa mafuremu 25 pa sekondi, ayambira pa masekondi 3.6 okha. Ngati ndi mamilisekondi, ndiye kuti simunadule chilichonse. Funsaninso za nambala yachiwiri: ndi pomwe kanema athere, kapena ndi kutalika kwa chidutswacho? Zida zambiri zotere pansi pake pamakhala FFmpeg, pulogalamu yomwe Fabrice Bellard anayambitsa mu 2000, ndipo mmenemo ziwirizi n'zosiyana: -to ndi pothera, -t ndi kutalika. Mukayambira pa sekondi 60 n'kulemba 90, njira ina ikupatsani chidutswa cha masekondi 30, ina cha masekondi 90. Ine zinandionekera pa kanema wa chinkhoswe: ndinkafuna pomwe ankhoswe akusinthana nkhuku, koma chomwe chinatuluka ndi azakhali akukonza mpango kumutu. AI sinalakwe ayi. Mawu a chidacho sananene kuti nambalayo ndi yanji.

Pomwepo onani ngati anena mmene chimadulira. FFmpeg ikamadula mongokopera, ndi lamulo la -c copy, imafulumira kwambiri komanso chithunzi sichiwonongeka, koma imadalira mafuremu akuluakulu otchedwa keyframe, choncho nthawi zambiri chidutswa sichiyambira ndendende pomwe mwanena. Ikamakonza kanema mwatsopano imadula molondola, koma imachedwa. Wolemba wabwino amanena kuti chida chake chimatsata njira iti, kuti AI isankhe moyenera.

Chotsatira ndi chitetezo cha fayilo yanu. Kodi chidacho chimapanga fayilo yatsopano, kapena chimalemba pamwamba pa yakale? Mu FFmpeg, kachilembo ka -y kamafufuta fayilo ya dzina lomwelo popanda kufunsa. MCP ili ndi zizindikiro monga readOnlyHint ndi destructiveHint zosonyeza ngati chida chimangowerenga kapena chimatha kuwononga. Zionenidi, koma musazikhulupirire kotheratu, poti amazilemba ndi mwini chida yemweyo. Ukwati sabwereza chifukwa choti fayilo yafufutika.

Onaninso zomwe chimabweza chikamaliza. Mawu oti "done" okha sathandiza. AI ifunika kudziwa komwe fayilo yaikidwa, kutalika kwake ndi kukula kwake, makamaka ngati ikupita pa WhatsApp komwe bandulo ya kasitomala ndi yowerengeka. Chikalephera, chinene chifukwa chake. Mwachitsanzo, popanga kanema wamba wa mtundu wa H.264 ndi pulogalamu yotchedwa libx264, mulifupi ndi mulitali ziyenera kukhala nambala zogawika ndi 2. Ngati izi zalembedwa, AI isankha 1080 ndi 1920 pa kanema woimirira wa sitetasi; ngati sizinalembedwe, ikhoza kulemba 607 n'kumangobwerezabwereza cholakwika chomwecho.

Pomaliza, yesani. Perekani mawu munakopera aja kwa mnzanu amene sanachionepo chidacho, mumufunse kuti: "Kuti ndichotse masekondi 10 oyambirira, ndilembe chiyani, pati?" Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti nayo AI ikakanda. Akayankha bwino, tengani kope la kanema wamfupi, osati weniweni wa kasitomala, muitume AI ntchito zitatu: kudula pakati, kuchotsa mawu, ndi kudula kupitirira pomwe kanema wathera. Ntchito yachitatuyo ndi msampha wadala. Pa kanema wa mphindi ziwiri, iuzeni idule pa mphindi yachisanu, muone ngati chidacho chikana momveka kapena chingokupatsani fayilo yopanda kanthu.