Momwe mungasamalire wodwala wosadzuka pabedi popanda kumuwonjezera mavuto

Amalawi ambiri kuno ku Joni timadyera ntchito yosamalira agogo m'nyumba za ku Randburg ndi Edenvale. Ena tikudwazika m'bale amene watuluka m'chipatala cha Helen Joseph kapena cha Baragwanath. Zimandiwawa kuona kuti zina zimene timachita ndi mtima wabwino ndi zomwe zimamupweteka wodwalayo.

Choyamba, khungu. Mukaona kuti m'chiuno, pamatako kapena pachidendene pafiira, musapatikite. Timitsempha tapamenepo tapanikizika kale, ndipo kutikita kumangothamangitsa bala. Kwa ife akhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndiye gwiranipo: pakatentha, pakalimba kapena pakada kuposa pena, ndi pamenepo. Spiriti musapake, imaumitsa khungu. Pilo wobowoka pakati uja musamukhazikepo, amatseka magazi mozungulira. Mutembenuzeni maola awiri alionse, ndipo ikani pilo pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zisakhudze matiresi.

Chachiwiri, ngati adokotala sanaletse, mudzutseni. Adyere pampando, ayende ngakhale kukafika pakhomo chabe. Kugona tsiku lonse kumafooketsa minofu, kumaitana chibayo, ndipo magazi amaundana m'miyendo.

Chachitatu, musamumange pabedi ngakhale akuvuta. Womangidwa amalimbana ndi nsaluyo mpaka kudzivulaza. Gogo amene dzulo anali bwinobwino lero n'kusokonezeka mutu, kawirikawiri pali chifukwa: matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, ululu, kapena sakumwa madzi okwanira. Kanenani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachinayi, paipi ya mkodzo. Inde, imachepetsa zochapa, koma tsiku lililonse imene ili m'thupi majeremusi amapeza njira. Namwino akabwera, funsani ngati ikufunikirabe. Kuyilowetsa si ntchito yathu, ndi ya namwino wolembetsedwa ku South African Nursing Council, bungwe loyang'anira anamwino kuno, ngakhale abwana akukakamizeni.

Usiku musamudzutse kuti mumuyeze BP pokhapokha adokotala atalamula. Pomutembenuza, chitani zonse nthawi imodzi, magetsi ochepa, kenako agone.

Pomaliza, kuzizira kwa kuno mu June ndi July. Wodwala shuga kapena wofa ziwalo nthawi zina samva kutentha, ndiye botolo la madzi otentha limamuwotcha mapazi iye ali chete. Muvekeni masokosi, muwonjezere bulangete. Akayamba kubanika kapena kusatsitsimuka mukamudzutsa, imbani 112 pafoni yam'manja.