Kutsegula jimu mu Lilongwe: werengani ndalama izi musanagule treadmill

Anthu ambiri akati nditsegule jimu, choyamba amathamangira pa Facebook kapena Alibaba kukaona mitengo ya ma treadmill (makina othamangirapo), amawerenga asanu, kuikapo mabenchi awiri ndi ma dumbbell, basi ati bajeti yatha. Ayi ndithu abale anga. Zipangizo ndi mbali imodzi chabe ndipo si zimene zimagwetsa anthu, chimene chimatseka majimu ndi lendi, mayunitsi ndi malipiro a antchito m'miyezi yoyambirira ija makasitomala asanazolowere pakhomo panu. Nde tiyeni tione kumene mpamba umalowera.

Muyambe mwadziwa kuti jimu yanuyo ndi ya ndani. Ya mafana onyamula zitsulo ku Kawale, Chilinde, Area 25 kapena 36, olipira pa tsiku, ndi ina, ndipo ya mabwana ndi madona ogwira ntchito ku Capital Hill ndi City Centre amene adokotala awauza kuti BP ndi shuga zakwera achepetseko thupi, ndi inanso. Mafana aja amangofuna chitsulo cholemera ndi sipika yolira bwino, pansi kaya ndi simenti alibe nazo ntchito. Enawo amafuna poimika galimoto, mlonda pa geti, shawa yotentha ndi toileti yoti munthu sagwira mphuno. Mpamba wa yachiwiriyi umaposa woyambawo kangapo konse, nde musakhale pakatikati, lendi ya ku Area 47 koma mtengo wa ku Mchesi, mulira.

Malo ndi amene amadya ndalama yoyamba. Malandilodi ambiri mu town muno amafuna miyezi itatu pamodzi, ena kuonjezapo dipoziti, ndipo lendiyo imayamba kuwerengedwa tsiku lomwe mwalandira makiyi pomwe inu mukadali kupenta ndi kudikira katundu. Apa kambiranani, pemphani mwezi umodzi waulere wokonzera malo, ndipo zilembedwe pa pepala. Mgwirizano wa chaka chimodzi musavomere ngati mukumanga mashawa ndi ndalama yanu, chifukwa landilodi akaona magalimoto akudzadza panja lendi imakwera, mukakana akuti samukani, matailosi ndi mapaipi munaika aja atsala. Zaka zitatu kupita m'tsogolo, ndipo kakwezedwe ka lendi kalembedwe momwemo.

Fufuzani malo apansi, osati pamwamba pa mashopu. Munthu akaponya 100kg pansi nyumba yonse imanjenjemera, wa saluni pansipo tsiku lomwelo ali pakhomo panu. Denga likhale lalitali loti munthu wamtali akakweza bar (ndodo yachitsulo yonyamulira zolemera) pamwamba pa mutu isagunde siling'i kapena fani, mawindo akhale ambiri chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi anthu makumi awiri akutuluka thukuta si masewera. Komanso bar yeniyeni ya Olympic ndi yaitali mamita 2.2 ndipo imalemera 20kg, kutanthauza kuti rack (choikapo bar) iliyonse imafuna malo pafupifupi mamita atatu m'lifupi kuti woika ma plate (zitsulo zozungulira zolowetsa pa bar) asagundane ndi mnzake. Pitani ndi tepi mukayeze, maso amanamiza. Ngati mukutenga nyumba yogonamo anthu kuti muisandutse jimu, dziwani kuti khonsolo imafuna chilolezo chosintha ntchito ya malowo, ndipo maneba a m'ma Area odekha aja nyimbo za aerobics za 5 koloko m'mawa sazikonda.

Pansi ndi pomwe anthu amaiwala mu bajeti. Matailosi ndi zitsulo sizigwirizana, sabata imodzi yokha aphwanyika. Pamafunika mphira wokhuthala makamaka ponyamulira zolemera, ndipo amagulitsa pa square metre nde malo akakhala aakulu ndalama yake imadabwitsa. Amene mpamba ndi wochepa amasaka malamba akale a conveyor m'mafakitale n'kuwayala, amagwira ntchito bwinobwino, angofunika kutsuka ndi kudula bwino kuti munthu asapunthwe. Magalasi a kukhoma nawo ndi odula koma musawasiye, anthu amalipira kuti azidziona, komanso ndi momwe munthu amaonera ngati msana wapindika ponyamula.

Tsopano zipangizo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Pali zimene owotcherera athu amatha, pali zimene sangathe. Squat rack, benchi, pull up bar, poika ma dumbbell ndi ma plate, zonsezi mmisiri wabwino wa ku Mchesi, Biwi kapena Area 25 akhoza kukupangirani pa mtengo wotsika kwambiri kusiyana ndi zoitanitsa kunja. Koma mugule nokha chitsulo chake, square tube yokhuthala osati ija yopangira mageti ndi ma burglar bar, mumupatse chithunzi ndi miyezo, apange chimodzi kaye muchiyese ndi katundu wolemera musanamuuze apange zisanu. Yang'anani mowotcherera mwenimwenimo, akangodontheza madontho n'kupaka penti pamwamba mukane, chifukwa benchi ikathyoka munthu ali ndi chitsulo pachifuwa nkhani yake ndi ya ku chipatala cha Central. Siponji ndi chikopa cha benchi apange a upholstery, chikhale choti thukuta silikulowa.

Zoti mugule zenizeni ndi ma bar, ma plate, ma dumbbell ndi makina a cable. Ndipo samalani ndi mabowo, ma plate a Olympic bowo lake ndi 50mm pomwe wamba aja ndi laling'ono, mukasakaniza mupeza theka la zitsulo zanu silikulowa pa bar. Sankhani mtundu umodzi basi. Za simenti yothira m'zitini za penti ndi ma flywheel a galimoto zija zinalera madolo ambiri m'makwalalamu, sindikuzinyoza, koma munthu wolipira pa mwezi amafuna aone nambala pa chitsulo kuti adziwe ngati akupita patsogolo.

Treadmill ndiye msampha. Yakunyumba ija yotchipa siimatha kuthamangidwa ndi anthu osiyanasiyana tsiku lonse, mota imapsa, lamba amatha. Ya commercial ndi yodula, ndipo imodzi ikamathamanga imakoka magetsi pafupifupi 2kW, nde asanu akayaka pamodzi kuonjezapo giza ndi mafani, kajenereta ka 5kVA kaja sikangakwanitse. Magetsi akathima ndipo mulibe backup, treadmill ndi chingwe choyanikapo mathaulo basi. Kumbukirani 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira dziko linataya pafupifupi 130MW, kuthima kwake kunali kwa maola ambirimbiri kwa nthawi yoposa chaka, ndipo jenereta nayo imafuna dizilo yemwe nthawi zina ndi wa pa mzere. Chinanso magetsi akamabwera mwamphamvu amaotcha board ya mkati mwa treadmill, ndipo board imeneyo mu Old Town simuipeza, muitanitsa kunja n'kudikira. Ine ndinganene kuti yambani ndi ma spin bike ndi rowing machine zomwe sizifuna soketi, zingwe zodumpha, ma step ndi ma mat a aerobics, treadmill ikhale imodzi kapena awiri okhala ndi stabiliser yake, ena mudzaonjezere makasitomala akachuluka. Magetsi owala, sipika ndi mafani zokha, sola ndi inveta yapakatikati imakwanitsa.

Mukaganiza zoitanitsa kontena ku China kapena zogwiritsidwapo kale ntchito ku Johannesburg, mtengo mukuuona pa intaneti uja ndi poyambira chabe. Pali sitima mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, thiraki mpaka pa Dedza kapena Songwe, clearing agent, kenako MRA ndi duty ndi VAT zomwe amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza thiransipoti ndi inshuwalansi, osati pa mtengo wa kufakitale wokha. Chitsulo n'cholemera, nde thiransipoti ya ma plate imapweteka kwambiri. Pitani kwa agent musanalipire kalikonse, mumuonetse invoice akuwerengereni msonkho wonse, chifukwa katundu akafika inu ndalama ya duty mulibe, storage imawerengedwa tsiku ndi tsiku. Kenako nkhani ya forex, mukudziwa kale. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25%, mu November 2023 inagwanso ndi 44%, amene anali atasunga makwacha kudikira dola ku banki anangodzuka bajeti yawo yaperewera. Nde quotation iliyonse ya madola muziikapo ndalama yapadera pamwamba, ndipo ngati wina mu Lilongwe kapena Blantyre momwemuno akutseka jimu yake kapena hotela ikugulitsa zakale, thamangirani kumeneko kaye, mumalipira makwacha ndipo mumayesa makinawo ndi manja anu.

Madzi musawaiwale. Mashawa awiri a amuna, awiri a akazi, olekana bwinobwino ndi zitseko zotsekeka, thanki ndi pampu yake chifukwa mipope ikauma jimu yopanda madzi imanunkha tsiku limodzi. Giza ya sola ndi yodula pogula koma imakupulumutsani ku mayunitsi. Azimayi ambiri amene amasiya jimu sasiya chifukwa cha zitsulo ayi, amasiya chifukwa cha kosinthira zovala ndi maso a anyamata, pomwe iwowo ndi amene amadzadza kalasi ya aerobics komanso amabwera ndi anzawo a ku ofesi ndi ku tchalitchi.

Mapepala si odula kwambiri poyerekeza ndi zinazi koma amadya nthawi. Kulembetsa bizinesi kwa Registrar General, TPIN (nambala ya msonkho) ku MRA, layisensi ya Lilongwe City Council yomwe mumalipira chaka ndi chaka, a zaumoyo ndi ozimitsa moto amabwera kudzaona nde fire extinguisher ndi bokosi la first aid zikhalepo. Poti muziimba nyimbo pagulu, a COSOMA, oona za umwini wa nyimbo, nawo ali ndi layisensi yawo. Inshuwalansi yoti munthu akavulala pamalo panu ikuthandizeni, kafunseni mtengo, ndipo aliyense wolowa kumene asaine fomu yonena matenda amene ali nawo.

Antchito: trainer wodziwadi ntchito, wa pa reception, wokolopa ndi mlonda. Jimu imatsegula cha m'ma 5 m'mawa n'kutseka 8 kapena 9 usiku nde munthu mmodzi sangathe, ndi mashifiti awiri, ndipo wotsegula m'mawayo minibasi sizinayambe, ya kabaza ndi yanu. Pamwamba pa salale pali penshoni, lamulo limati olemba ntchito aike 10% wantchito 5%, komanso TEVET levy ya 1%. Wophunzitsa aerobics mukhoza kumamulipira pa kalasi m'malo momulemba. Trainer musangotenga poti ali ndi chifuwa chachikulu, mayi a zaka 55 a BP akufuna munthu wodziwa kuti ayambe pati, osati wongokuwa kuti one more.

Za wellness zija, masaji, sauna, steam, uphungu wa kadyedwe, zimakometsa chikwangwani koma sauna imadya magetsi koopsa, isiyeni kaye. Kachipinda kamodzi koyera mukhoza kubwereketsa kwa wa masaji azikulipirani lendi, basi ndalama ikulowa inu osagula kanthu. Mukafuna kulemba kuti physiotherapy, munthu wake akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ma steroid ndi timankhwala tochepetsa mimba tosadziwika bwino tija musagulitse olo phindu lake likukopeni bwanji.

Nde masamu ake ndi awa, manambalawa ndikungoyerekeza inu muikepo anu. Tinene kuti lendi, masalale, mayunitsi, madzi, dizilo, sopo ndi intaneti zonse pamodzi ndi K3,000,000 pa mwezi, ndipo munthu akulipira K40,000 pa mwezi. Mukufunika anthu 75 olipiradi mwezi uliwonse kuti mungofika poti simukuluza, inu osadyapo kanthu, ngongole osabweza. Anthu 75 sabwera mwezi woyamba. Ndiye chifukwa chake pa mpamba wonse mupatule ndalama yoyendetsera miyezi isanu ndi umodzi, pa chitsanzo chathuchi ndi K18,000,000, ikhale pambali osaikhudza pogula zipangizo. Mukaona kuti ikuperewera, chepetsani makina kapena pezani malo ang'ono, osati kudula ndalama imeneyi. Ngongole ya ku banki muiganizire kawiri, mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate kufika 26% ndipo mabanki amaika yawo pamwamba, za katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Komanso anthu sabwera mofanana chaka chonse. Januwale amadzadza ndi malonjezo a chaka chatsopano koma m'thumba muli fizi, June ndi July kuzizira kwa Lilongwe munthu kudzuka 5 koloko amakana, nthawi ya mvula madzulo kukagwa chimvula kalasi imatsala ndi anthu atatu. Kukayamba kufunda cha mu September ndi pomwe amabwerera, nde ngati mungathe tsegulani nthawi imeneyo.

Mwezi umodzi musanatsegule yambani kulembetsa anthu, mtengo wotchipirako kwa amene alipire miyezi itatu pamodzi, yendani m'maofesi, m'mabanki ndi m'mabungwe mukambe nawo za mtengo wa gulu, ndalama imeneyo ndi imene imalipira lendi yachiwiri. Tsegulani nambala ya bizinesi ya Airtel Money ndi Mpamba kuti ndalama isamadutse m'manja mwa wa pa reception, buku kapena kompyuta ya pakhomo izionetsa tsiku lomwe aliyense ndalama yake ikutha, ndipo abale ndi anzanu a "ndilipira month end" muwauziretu tsiku loyamba lomwelo kuti pa geti palibe ngongole.