Mmene Mungakonzere Backup Yopita pa Hard Drive Yakunja

Abale anga a kuno ku Johannesburg, ambirife timasunga zithunzi za kumudzi, makalata a ntchito ndi makope a pasipoti mu kompyuta, ndipo timakhulupirira kuti backup (kope la mafayilo losungidwa padera) imene tinakonza ikumapita yokha pa hard drive ya USB, pamene inasiya kalekale.

Pa Windows, vuto limayambira kawirikawiri pa chilembo cha drive. Lero ikhoza kukhala E, koma mukayamba mwalumikiza flash ina imasanduka F, ndiye pulogalamu ina ya backup imaisowa. Lowani mu Disk Management, chida cha mu Windows choyang'anira ma drive, muipatse chilembo chakumapeto, monga X, chimene sichingalandidwe msanga. Onaninso ngati drive ili pa FAT32 (imodzi mwa njira zimene drive imasungira mafayilo), chifukwa imeneyi imakana fayilo yoposa 4 GB. Njira ina yotchedwa NTFS ndiyo yoyenera, koma musanaifomate drive kuti ikhale pa NTFS koperani kaye zonse kwina, popeza kufomata kumafufuta chilichonse.

Nthawi ya backup muiike pamene kompyuta imakhala yoyaka ndipo magetsi alipo. M'nyengo ya mvula ya mabingu, zulani drive backup ikatha, ndipo drive yachiwiri ya backup muzikaisunga kwa m'bale wodalirika. Kamodzi pa mwezi, bwezerani fayilo imodzi muone ngati ikutseguka.