Muziwauziratu za mawa

Inu amene mukusamala munthu wamkulu wa Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa munthu kukula ndi kuphunzira), chimene chimawasautsa kwambiri ndi kusintha kwadzidzidzi. Kuno ku Salima, tikafuna kupita ndi achimwene kuchipatala, timawauziratu madzulo, n'kuwaonetsa pa foni chithunzi cha minibasi ndi cha amene awaperekeze. Chithunzi amachigwira msanga kuposa mawu ambirimbiri. Ntchito zawo, kusesa pabwalo ndi kuyanika usipa, sitiwalanda ngakhale kubwere alendo.

Akamayankhula okha asiyeni, si misala ayi, ndi mmene amakhazikitsira mtima pansi. Koma akayamba kumangogona, kunenepa, kusiya zimene amakonda, pemphani adokotala awayeze chithokomiro (kachiwalo ka pakhosi kamene pa Chingerezi amati thyroid). Chimavuta ambiri a Down syndrome, ndipo chikafooka munthu amaoneka ngati wangokhumudwa, chonsecho mankhwala ake alipo.