Maganyu a nyengo ku America mukugona mu RV: muyambire apa

Mwafunsa momwe munthu wokhala mu RV, galimoto ya bedi ndi khitchini mkati, angapezere maganyu ku America.

Choyamba, pezani chilolezo chogwirira ntchito. Viza ya alendo siilola.

Kenako sankhani nyengo. Chilimwe chawo, June mpaka August, malo ogona alendo m'nkhalango amafuna osamalira: kulandira obwera, kusesa, kutsuka zimbudzi. Funsirani ntchitozi kudakali miyezi ingapo chilimwe chisanafike, pa intaneti, pa masamba a CoolWorks kapena Volunteer.gov.

Musanavomere, funsani bwinobwino za malipiro. Ena amangokupatsani poimika galimoto, magetsi ndi madzi, opanda ndalama. Ndiye auzeni alembe: maola angati pa sabata, ndi angati olipidwa. Pakamwa pokha musadalire.

Ofuna ndalama yooneka apite kokolola sugar beet, mbewu yopangira shuga, ku zigawo za North Dakota ndi Minnesota mu October. Ndi maola 12 pa tsiku, kuima panja, ndipo usiku kumazizira mpaka madzi kuuma m'mapaipi. Kulungani paipi yanu ya madzi, dzazani gasi wa hita, nyamulani jekete ndi mabuti.

Pomaliza konzani adiresi yolandirira makalata. Ambiri amalembetsa ku South Dakota, Texas kapena Florida.